Katoni Yabooka

Ine ndilibe injini.
Ngakhale njinga ya bambo ake a Ofeliya tidagulitsa pa maliro awo.
Koma dizilo akakwera usiku
m'mawa ndimam'peza atakhala kale pa benchi langa ku Kwachena,
pakati pa anyezi ndi mchere,
mwendo pa unzake, osapereka moni.

Mitengo ndimalemba pa katoni ya sopo.
Mu Januwale ndidalemba ndi cholembera.
Pofika Pasaka ndinali nditaphunzira kulemba ndi khala
kuti ndizifufuta ndi chala cha malovu.
Lero pamene pankakhala mtengo wa kachewere pabooka.
Wogula akasuzumira pabowopo
amangoona chitenje changa.

Tobiyasi Chakhala amatsika ndi lole kuchokera ku Ulongwe,
matumba makumi asanu ndi limodzi, nkhuku pamwamba.
Amandiwerengera ulendo pa zala zakuda ndi oyilo:
ichi n'cha pabomba,
ichi n'cha pabomba pomwepo pobwerera,
ichi n'cha tayala lomwe lidaphulika pa Musakama,
ichi n'cha mwini galimoto.
Chachikuluchi akuti n'cha ana ake,
ndipo amachipinda msanga.

Ndidam'funsa, nanga wolimayo akukolola ndalama tsopano?
Adaseka mpaka kutsokomola.
"Dona Rufina, malole achepa kumtunda.
Wokana mtengo wathu, mbatata imam'phukira m'nyumba."
Ndiye ku Tsangano akulira,
kuno kotentha tikulira.
Ndalamayo idatsikira pati m'njiramu,
idam'landira ndani?

Aphunzitsi a Gervaziyo ankagula mafuta ophikira lita yathunthu.
Kenaka theka.
Tsopano ndimawathirira m'kapepala komanga pakamwa,
iwo n'kukabisa m'thumba la malaya, kuseri kwa choko.
Tsiku lina adandijambulira mzere wokwera phiri,
akuti metikale ikuonda.
Ndidaiika pa sikelo.
Ikulemera monga kale, aphunzitsi,
chomwe chaonda ndi jumbo yanuyo.

Inenso ndiulule.
Mulu wa matimati unali wa asanu.
Sindidakweze mtengo, ndidangochotsapo limodzi.
Sabata yotsatira ndidasankha ang'onoang'ono,
n'kuwaunjika mwaluso kuti aoneke aatali.
Basela ndidaiika m'manda popanda nyimbo.
Dzulo kamwana kotumidwa kadawerenga kawiri,
kakuloza ndi chala,
n'kuti, "Amayi anati asanu."
Ndidayang'ana uku ndi uku,
n'kukapatsa lachisanu, lomwe ndidabisira ndiwo zanga.

Mu kope la ngongole mwadzaza mayina.
Ena akamadutsa amaonerera mitambo,
chonsecho kuno mitambo kulibe.
Sindiwaitana.
Langanso dzina lili mu kope la Tobiyasi,
tsamba lachitatu, lotsindikiza.

Madzulo kondakitala wa chapa amatchula mtengo watsopano
maso ali kumbali.
Ndimasenza beseni, n'kuwoloka mlatho wapansi kupita ku Matundo,
phula likuotchabe kudzera m'patapata.
Kutali, pa mlatho winawo,
matanki a mafuta akudutsa m'chigulu,
odzaza, onyezimira, olunjika ku Zobwe.
Zambezi pansi pangapa akupita yekha kunyanja,
samwa dizilo,
komanso sanyamula thumba la munthu.

Kunyumba ndimaphika matimati ophwanyika amene akanidwa,
mafuta ndimangoonetsa mphika.
Ofeliya ali pa masamu, buku lake n'lakalekale:
"Mayi apita kumsika ndi metikale zana,
agula mpunga, shuga, nsomba ndi sopo.
Chenji yawo ndi zingati?"
Akundifunsa ine.
Ndati, lemba kuti mayiwo atiuze msika wake.

Wailesi ya kuseri kwa mpanda ikunena za Lolemba.
Sindinamve zonse, agalu anauwa.
Ndang'amba katoni ina, ya bisiketi,
ndalemba bwinobwino kumanzere:
kachewere, anyezi, mchere, mafuta.
Kumanja ndasiya poyera.
Khala ndalimanga pa mfundo ya chitenje,
pamodzi ndi ndalama.